CHIFUWA CHOSATHA MWA ANTHU ACHIKULIRE

Munthu akayamba kukalamba thupi limadandaula. Mawondo amawawa, maso sapenya bwino, ndipo chifuwa sichichedwa kumugwira. Chifukwa cha ichi, nkhalamba ikamatsokomola miyezi iwiri kapena itatu, ambiri a ife timangoti, "Ndi ukalamba basi." Ena amati ndi mphepo yozizira yochokera ku mapiri a Nyika. Enanso amati agogo awalodza.

Koma ukalamba pawokha sutsokomoletsa munthu magazi. Chifuwa chosatha chimakhala ndi mwini wake. Kawirikawiri mwini wakeyo ndi chifuwa chachikulu, chimene timachitcha TB. Nthawi zina ndi nthenda ya mtima kapena mphumu. Koma nthawi zinanso ndi khansa ya m'mapapo.

M'kabuku kano tiona mmene achipatala amapezera nthenda imeneyi, mmene amadziwira pamene yafika, ndiponso zimene ife a ku Nthalire ndi midzi yozungulira tingachite kuti makolo athu apimidwe mokwanira.

KODI KHANSA N'CHIYANI?

Thupi la munthu linamangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maselo, monga mmene nyumba imamangidwira ndi njerwa. Maselo akale amafa, atsopano nalowa m'malo mwake. Zonsezi zimayenda mwa dongosolo. Koma maselo ena akawonongeka, amayamba kuswana mosalekeza mpaka kupanga chotupa. Chotupacho chimakula, chimadya malo a mnofu wabwino, ndipo chimatha kutumiza mbewu zake ku ziwalo zina kudzera m'magazi. Imeneyi ndiyo khansa.

Khansa siili ngati TB. TB imabwera ndi kachilombo ndipo imapatsirana pokhosomola. Khansa siipatsirana. Mungathe kudya mbale imodzi ndi wodwala khansa, kugona naye m'nyumba imodzi, osatenga nthendayo ayi.

M'Malawi muno khansa zimene zimaoneka kwambiri ndi ya khomo la chiberekero, ya pakhungu yotchedwa Kaposi, ndi ya kummero. Koma pa dziko lonse lapansi khansa ya m'mapapo ndiyo imapha anthu ambiri kuposa khansa ina iliyonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 2.5 miliyoni anapezeka ndi nthendayi, ndipo pafupifupi 1.8 miliyoni anafa nayo. Ambiri mwa iwo ndi anthu a zaka zopitirira 60.

KODI IMAYAMBA CHIFUKWA CHIYANI?

Choyamba ndi fodya. M'chaka cha 1950 akatswiri awiri a ku London, a Richard Doll ndi a Bradford Hill, anafunsa odwala ambiri m'zipatala za kumeneko. Anapeza kuti pafupifupi onse odwala khansa ya m'mapapo anali osuta. Lero tikudziwa kuti mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 amadwala chifukwa cha fodya. Mu utsi wa fodya muli mankhwala pafupifupi 70 oyambitsa khansa. Kaya ndi ndudu ya m'sitolo, kaya ndi chingambwe chokulunga m'pepala, kaya ndi kaliwo, utsi wake ndi woipa ndithu. Ngakhale mayi amene sasuta, koma wakhala zaka zambiri m'nyumba imodzi ndi bambo wosuta, amapuma utsi womwewo.

Chachiwiri ndi utsi wa nkhuni. Amayi ambiri aphika m'khitchini yopanda zenera kuyambira utsikana wawo mpaka imvi. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, kukazizira, timasonkha moto m'nyumba n'kutseka chitseko. Utsi umenewo umalowa m'mapapo tsiku ndi tsiku.

Chachitatu ndi fumbi la m'migodi. Abambo ambiri a m'dziko muno anapita ku Joni kudzera ku Wenela. Ulendowu unaimitsidwa m'chaka cha 1974 pamene ndege yonyamula anthu a m'migodi inagwa ku Francistown, n'kupha anthu oposa 70. Unayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa TEBA, mpaka unatheratu m'chaka cha 1988. Anyamata amene anakumba golide masiku amenewo lero ndi nkhalamba. Fumbi la miyala limene anapuma silituluka m'mapapo. Limaumitsa mapapo, limachititsa kuti munthu agwidwe TB mosavuta, ndiponso limawonjezera ngozi ya khansa. Ngati munagwirapo ntchito mumgodi, kaya ku Joni, ku Zambia kapena m'migodi ya malasha kuno kwathu, uzani dokotala ngakhale asanakufunseni.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Nthendayi imayamba mwakachetechete. Mkati mwa mapapo simumva kuwawa msanga, kotero chotupa chimatha kukula munthu ali kulima bwinobwino. Pambuyo pake pamaoneka izi:

Kutsokomola kosatha, kapena chifuwa chakale chimene chasintha mamvekedwe.

Makhololo a magazi.

Kubanika poyenda kapena pokwera chitunda.

Kuwawa kwa pachifuwa, paphewa kapena kumsana.

Mawu kusasa kwa masabata angapo popanda chimfine.

Kuwonda ndi kusafuna kudya.

Chibayo chobwerezabwereza mbali imodzimodzi ya chifuwa.

Kutupa kwa nkhope ndi khosi, kapena kachotupa kolimba pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi.

Mwaona kuti zambiri mwa zizindikirozi ndi zomwezo za TB? Apa ndiye pagona vuto. M'maiko mmene TB ndi yochuluka, monga muno mwathu, wodwala khansa amatha kumwa mankhwala a TB miyezi yambiri, khansayo ili kukula. N'chifukwa chake madokotala anagwirizana ndondomeko yoyenera kutsata, kuti pasakhale kungoganizira.

NDONDOMEKO YA KAPIMIDWE

Mlimi sabzala asanalime, ndipo sakolola asanapalire. Kupima nthenda nakonso kuli ndi chiyambi, pakati ndi mapeto.

Choyamba: kufunsa ndi kupima thupi. Izi zimachitika pa chipatala chapafupi, monga cha ku Nthalire kapena ku Wenya. Dokotala adzafunsa kuti chifuwa chinayamba liti, ngati mumasuta, ndi ntchito zimene munagwirapo. Yankhani zoona. Musachepetse ndudu zimene mumasuta chifukwa cha manyazi. Adzakuyezani pa sikelo, kumvetsera chifuwa, ndi kupapasa m'khosi ndi m'khwapa.

Chachiwiri: kupima makhololo. Aliyense amene watsokomola masabata awiri ayenera kupereka makhololo kuti aone ngati muli TB. Masiku ano pali makina otchedwa GeneXpert, amene bungwe la WHO linavomereza m'chaka cha 2010. Makinawa amapeza TB m'maola ochepa chabe. Achipatala adzapemphanso kupima magazi kuti aone za HIV, pakuti kachilombo kameneka kamachititsa nthenda zambiri za m'chifuwa. Achikulire asakane. Kupimaku sikunyoza munthu ayi.

Chachitatu: kujambula chifuwa pa ekisire. Ngati TB siinapezeke koma chifuwa chili kupitirira, nkhani siinathe. Wodwala atumizidwe ku chipatala cha boma ku Chitipa kuti akajambulidwe. Chithunzicho chimaonetsa mthunzi pamene pali vuto. Koma mthunzi sunena dzina la nthenda. TB, chibayo, zipsera za fumbi la m'migodi ndi khansa, zonsezi zimatha kuoneka mofanana pa ekisire.

Chachinayi: kujambula ndi makina a CT scan. Makinawa amajambula thupi modula-dula, ngati mmene timadulira buledi, kotero dokotala amaona kukula kwa chotupa, malo ake enieni, ndi ziwalo zoyandikana nacho. Amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zokha. Kwa ife a chigawo cha kumpoto, chipatala chachikulu chimene chimalandira odwala ochokera m'maboma ndi cha Mzuzu Central. A kumeneko ndiwo amaona ngati wodwala apitirire ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kulinso chipatala cha khansa cha dziko lonse, kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chachisanu: kutenga kanyama. Ili ndilo phata la ndondomeko yonse. Dokotala amatenga kachidutswa kakang'ono ka chotupacho n'kukatumiza kwa akatswiri amene amakaona pa makina okulitsa zinthu. Nthawi zina amalowetsa kapaipi kowonda kokhala ndi nyali kudzera m'mphuno kapena m'kamwa mpaka m'mapapo. Nthawi zina amabaya ndi singano pachifuwa atachititsa dzanzi malowo. Ngati m'khosi muli kachotupa, amatha kutenga pamenepo, chifukwa m'posavuta, ndiponso pamauza zinthu ziwiri nthawi imodzi: dzina la nthenda, ndi kuti yayenda kale kuchoka m'mapapo. Ngati m'chifuwa mwadzaza madzi, amawapopa n'kuwapima.

Anthu ena amaopa kuti khansa ikakhudzidwa ndi singano imalusa. Maganizo amenewa achedwetsa anthu ambiri. Popanda kanyama aka palibe amene anganene motsimikiza kuti ndi khansa. Nthawi zina zotsatira zimabwera zonena kuti ndi TB, nthenda yochizika. Ikakhala khansa, kanyamako kamanenanso mtundu wake. Ilipo mitundu ikuluikulu iwiri. Wina ndi wa maselo ang'onoang'ono, umene umathamanga kwambiri ndipo umapezeka mwa odwala pafupifupi 15 pa 100 alionse. Otsalawo amadwala mtundu winawo, umene umayenda pang'onopang'ono. Mankhwala a mitundu iwiriyi ndi osiyana.

KUDZIWA PAMENE NTHENDA YAFIKA

Taganizirani za chiswe m'nyumba. Mwini nyumba wanzeru akaona chiswe pa mtengo umodzi wa denga, sathamangira kugula mtengo watsopano. Amayamba wayendera nyumba yonse. Ngati chiswe chili pa mtengo umodziwo, amauchotsa basi. Koma ngati chalowa m'mitengo yonse ndi m'zitseko, kusintha mtengo umodzi n'kutaya ndalama chabe.

Madokotala nawonso amachita chimodzimodzi. Amafunsa mafunso atatu. Njira imeneyi anaiyamba ndi dokotala wa ku France, a Pierre Denoix, m'zaka za m'ma 1940, ndipo lero imagwiritsidwa ntchito pa dziko lonse. Amaitcha TNM.

T afunsa kuti: chotupa n'chachikulu bwanji, nanga chagwira chiyani? Chosapitirira masentimita 3 n'chaching'ono. Chopitirira masentimita 7 n'chachikulu kwambiri.

N afunsa kuti: kodi nthenda yalowa m'timisefa ta m'thupi? Timeneti ndi tinthu tonga nyemba timene tikatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche timati mwanabere. Tilinso mkati mwa chifuwa ndi m'khosi, ndipo khansa imayamba yaima mmenemo isanapite patali.

M afunsa kuti: kodi yafika ku ziwalo zakutali? Khansa ya m'mapapo imakonda kupita ku ubongo, ku mafupa, ku chiwindi, ndi ku phapo linalo.

Mayankho a mafunso atatuwa akaphatikizidwa amapereka gawo la nthenda. Magawowo alipo anayi.

Gawo 1: chotupa n'chaching'ono ndipo chili m'phapo mokha.

Gawo 2: chakulirapo, kapena chalowa m'timisefa tapafupi.

Gawo 3: chafika m'timisefa ta pakati pa chifuwa, kapena chagwira ziwalo zoyandikana nazo.

Gawo 4: nthenda yafalikira kutali, kapena ili m'madzi a m'chifuwa.

Pa gawo 1 ndi 2 opaleshoni yochotsa mbali ya phapo imatha kuchiza munthu. Pa gawo 3 kawirikawiri amaphatikiza mankhwala a m'diripi ndi kuwotcha chotupacho ndi makina. Pa gawo 4 opaleshoni siithandiza. Cholinga chimakhala kuchedwetsa nthenda ndi kuchotsa ululu.

Tsono taonani kuopsa kodumpha ndondomeko. Munthu wa gawo 4 akachitidwa opaleshoni yaikulu, amavutika pachabe, ndipo abale amagulitsa ng'ombe pachabe. Munthu wa gawo 1 akangouzidwa kuti, "Pitani kunyumba, palibe chochita," amataya mwayi wochira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

KODI UKALAMBA UMALETSA KUPIMIDWA?

Ayi. Ngakhale m'maiko olemera monga America, ofufuza apeza kuti odwala achikulire ambiri sapimidwa motsata ndondomeko yonse. Nthawi zina abale ndiwo amati, "Asiyeni, akula kale." Nthawi zina wodwala mwini amati, "Ndalamazo mulipirire ana sukulu." Nthawi zinanso wachipatala amayang'ana imvi n'kuganiza kuti munthuyu sangapirire.

Koma malangizo a madokotala amati chofunika si zaka, koma mphamvu. Amayesa mphamvuzo ndi manambala kuyambira 0 mpaka 4. Amene akugwira ntchito zake zonse ali pa 0. Amene akuyenda ndi kugwira ntchito zopepuka ali pa 1. Amene amadzisamala yekha koma sangagwirenso ntchito ali pa 2. Amene amakhala chogona kopitirira theka la tsiku ali pa 3. Amene sadzukanso pamphasa ali pa 4. Agogo a zaka 75 amene amapitabe kudimba angathe kupirira chithandizo kuposa bambo wa zaka 55 amene wagona miyezi itatu.

N'zoona kuti munthu wofooka kwambiri, kapena wodwalanso mtima, ulendo wautali ndi kupima kwina kungamuvutitse koposa kumuthandiza. Zikatero dokotala, wodwala ndi abale akhale pansi akambirane. Wodwalayo ndiye mwini thupi. Auzidwe zoona m'chilankhulo chimene amamva, kaya ndi Chitumbuka kaya Chichewa, ndipo asankhe yekha. Kusankha mutamva zonse n'kosiyana ndi kusiyidwa chifukwa cha imvi.

ZIMENE ZIMADULA ULENDO PANJIRA

Kuchokera ku Nthalire kukafika ku boma la Chitipa ndi makilomita oposa 100, ndipo nthawi ya dzinja ulendowu umavuta. Mzuzu ndi Lilongwe ndi kutali koposa. Kotero odwala ambiri amathera pa ekisire, osafika pa kanyama. Nazi zimene zingathandize:

Sungani bwino kabuku ka kuchipatala. Kakadzaza, musataye kakale. Mangirirani pamodzi ndi katsopano. Chithunzi cha ekisire ndi kalata yotumizira muziike m'pepala la pulasitiki kuti zisanyowe. Dokotala wa ku Mzuzu akaona chithunzi chakale ndi chatsopano, amadziwa ngati mthunzi uli kukula.

Ngati mwayamba mankhwala a TB, imwani tsiku lililonse. Mankhwalawa ndi a miyezi 6 ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Musawasiye panokha. Koma pakatha miyezi iwiri, munthu ali kuwondabe ndi kutsokomola magazi, bwererani mukanene. Mwina ndi TB yosamva mankhwala, mwina ndi khansa, mwinanso ndi zonse ziwiri pamodzi.

Sankhani gadiyani mmodzi wodziwa nkhani yonse. Magadiyani akamasinthana sabata iliyonse, mawu a dokotala amatayika panjira. Ngati amadziwa kulemba, alembe tsiku lobwerera ndi dzina la chimene chapimidwa.

Musanachoke ku chipatala chachikulu, funsani kuti zotsatira za kanyama zidzatuluka liti ndipo mudzazimva bwanji. Siyani nambala ya foni ya munthu wodalirika. Zotsatirazi zimatha kutenga masabata angapo. Tsiku likakwana, funsani. Musakhale chete poganiza kuti kusamva kanthu ndiye kuti zili bwino.

Ndalama ya ulendo isagwere munthu mmodzi. Mutu umodzi susenza denga. Uzani ana amene ali m'tauni, a mpingo, ndi a banki m'khonde msanga, wodwala akadali ndi mphamvu zokwera galimoto.

Miyezi imene imathera kwa asing'anga ndi pogula mankhwala a chifuwa m'magolosale, khansa siidikira. Gawo 2 limasanduka gawo 4.

MAFUNSO OFUNSA DOKOTALA

Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kufunsa mwaulemu si chipongwe. Funsani motere:

"Adokotala, kodi nthenda ya bambo angawa dzina lake n'chiyani?"

"Kodi mwatsimikiza ndi kanyama, kapena mwaona pa chithunzi chokha?"

"Kodi yafika gawo liti?"

"Chithandizochi n'chochiza, kapena n'chochepetsa ululu?"

"Ngati kupima kwina sikutheka kuno, kungatheke kuti?"

NGATI NTHENDA YAFALIKIRA KALE

Odwala ambiri amafika mochedwa, nthenda ili pa gawo 3 kapena 4. Ngakhale zili choncho, mawu akuti "palibe chochita" si oona. Pali mankhwala amphamvu a ululu otchedwa mofini, amene amamwedwa pa nthawi zoikika, osadikira kuti ululu uyambe. Akamwedwa monga mwa malangizo a dokotala safupikitsa moyo, ndipo amathandizanso kubanika. Madzi a m'chifuwa amapopedwa kuti munthu apume bwino. M'zipatala za m'maboma muli anamwino ophunzitsidwa kusamalira odwala matenda osachiritsika. Afunseni.

Kunyumba, wodwala agone chotsamira, osati chagada. Mpatseni zakudya zofewa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, monga phala la nsinjiro, mkaka ndi nthochi. Musasonkhe moto m'chipinda chake. Musamupatule mbale ndi kapu. Kudziwa zoona kumamupatsanso mpata wolongosola za minda, ziweto ndi ana, ndi kutsanzikana bwino ndi abale ake.

KUPEWA

Njira yaikulu yopewera nthendayi ndi kusiya fodya. Musanene kuti, "Ndasuta zaka 40, nditasiya lero ndipindula chiyani?" Munthu akasiya, pakatha zaka 10 ngozi yake ya khansa ya m'mapapo imatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi amene akusutabe. Kupuma kokha kumayamba kupepuka m'miyezi yochepa. M'chaka cha 2023 dziko la Malawi linalowa nawo m'pangano la maiko lochepetsa kusuta fodya. Koma pangano lenileni ndi limene munthu amapanga m'nyumba mwake. Musasute pamene pali ana, ndipo musawatume kukuyatsirani ndudu.

Khitchini ikhale ndi zenera kapena mpata pamwamba wotulukira utsi. Gwiritsani ntchito nkhuni zouma, ndipo kukakhala kopanda mvula phikirani panja. Mbaula ya chitetezo imadya nkhuni zochepa ndipo utsi wake ndi wochepa.

KUMBUKIRANI

Chifuwa cha masabata awiri, pitani kuchipatala.

TB ikapanda kupezeka, kupima kusathere pomwepo.

Chithunzi chimaonetsa mthunzi. Kanyama ndiko kamanena dzina la nthenda.

Gawo la nthenda lidziwike chithandizo chisanasankhidwe.

Nkhalamba nayonso ipimidwe mokwanira ndipo iuzidwe zoona.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Tchulani zinthu zitatu zimene zimayambitsa khansa ya m'mapapo.

2. Kodi khansa ya m'mapapo imasiyana bwanji ndi TB?

3. N'chifukwa chiyani dokotala amafuna kanyama ngakhale chithunzi chilipo?

4. Kodi m'mudzi mwanu muli achikulire angati amene akutsokomola nthawi yaitali? Nanga mungawathandize bwanji kuti akafike kuchipatala mwezi uno?